Kagalasi ka Pazenera

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1971, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndaima panone ndine mlongo wawo, chitsirizira, amene ndinakulira kumsana kwawo.

Sukulu anayamba mu 1977, ndipo mu 1994 anamaliza maphunziro a sayansi ku yunivesite. Mu 1998 anamanga banja ndi alamu athu ali apawa.

Kuyambira 2014 ankafufuza za magetsi a dzuwa pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa perovisikayiti, amene amapakidwa mopyapyala pagalasi. Galasi lotere limakhala lakuda ndipo limapereka magetsi ambiri, koma chinyezi chikalowa limasanduka lachikasu, basi lafa. Ntchito ya malemu inali yolitalikitsira moyo. Ife kunyumba tinkawaseka kuti akulera magalasi ngati anapiye. Iwo ankangomwetulira n'kutiwonjezera tiyi.

Kagalasi kamodzi, kofanana ndi bokosi la machesi, anakamata m'mbali ndi guluu wosakaniza okha n'kukaika pazenera la kuchipinda kwawo. Masana alionse ankakayeza n'kulemba m'kope. Kanatha masiku 412 kadakali kakuda.

Pa 3 Juni chaka chino anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a impso. Ine, pofuna kuti adzapeze m'chipinda mwaukhondo, ndinapala guluu uja ndi mpeni poyesa ndi litsiro, n'kupukuta kagalasiko ndi nsalu yonyowa. Patapita masiku awiri kanali kachikasu. Atandifunsa kuchipatala, ndinati kali bwino. Ndinawanamiza katatu.

Anatuluka pa 20 Juni. Ataona kagalasiko, anangondifunsa ngati ndadya. Anatisiya pa 2 Julayi.

Dzana ndinatsegula kope lija. Patsamba lomaliza analemba kuti guluu wabwino ayenera kupirira ngakhale dzanja la munthu wokonza m'nyumba, ndipo m'munsi mwake anayamba kulemba kasakanizidwe katsopano. Dzina langa mulibemo. Kwa Ambuye ndapepesa. Kwa achemwali ndinachedwa.

Asiya amuna awo, ana awiri, mdzukulu mmodzi ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza pabedi mosanyinyirika, aneba amene ankathirira maluwa awo osatumidwa, ndi anzawo a kulabotale amene alandira kopelo kuti amalize tsamba lija.

Achemwali, kumene mwapitako kuwala sikuzilala. Mzimu wanu uuse mumtendere.