Mafupa Anga ndi Ngalawa Imene Sinabwerere

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wa ku Msumba, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mafupa anga anasanduka mapesi, anthu anga n'kundithawa.

Nkhondo isanafike kwenikweni kunyanja kuno, ndinachitidwa operasau chifukwa cha chotupa m'mimba. Madotolo anachotsa matumba onse awiri a mazira, ndipo ndinasiya kusamba ndili ndi zaka makumi atatu okha. Ndinachira, ndinabwerera kuthandala kukayanika usipa. Koma patapita zaka zingapo msana unayamba kupindika. Tsiku lina ndinaterereka pang'ono pokha pa mwala, dzanja n'kuthyoka. Chaka chotsatira nthiti inathyoka ndi chifuwa chabe.

Amuna anga, a Yohane, anayamba kuuza anthu kuti ndili ndi tsoka limene ndinadziputira ndekha. Mng'ono wanga Esitere, amene ndinamulera amayi atamwalira, ndiye ankandiphikira. Ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha iye.

Anthu a mfuti atawotcha midzi yakumtunda, aliyense anathamangira kugombe kuti awolokere ku Likoma. Ine ndinagwa pakhomo, nyonga n'kusweka. A Yohane anandinyamula n'kundigoneka pamphasa m'nyumba.

"Mafunde akupwetekani, amayi," anatero. "Ndikasiye katunduyu ndi Esitere, mawa ndikutengani."

Ndinawakhulupirira. Ndinamva nkhafi zikumenya madzi, ndipo ndinawapempherera ulendo wabwino. Mawa lake linakhala sabata, sabata linakhala mwezi. Mayi wina woyandikana nane, amene sanathawe nawo, ankandisiyira chinangwa pakhomo, ndipo ndi iye anandiuza, maso ali pansi, kuti kutsidya Esitere akutchedwa mkazi wa a Yohane, ndiponso kuti ali ndi pakati poonekera kale. Abale, werengani nokha miyeziyo. Mwana amene ndinamubereka kumbuyo ankandipatsa phala ndi dzanja limodzi, linalo akundilanda nyumba.

Ndinaleka kupempha machiritso. Ndinkangoti, "Ambuye, ngati ndine wotembereredwa, ndiuzeni chimene ndinalakwa."

Yankho linabwera masana ena ndi mayi wofumbira miyendo, wopempha pogona. Anali a Amina, namwino wothawa ku Maniamba chipatala chawo chitawotchedwa. Sanali wa mpingo wathu, anali Msilamu, ankaswali kasanu patsiku. Ataona chipsera cha pamimba panga anandifunsa mafunso ambiri, kenako anakhala pansi.

"Achemwali, palibe tsoka apa," anatero. "Fupa ndi chinthu chamoyo. Tsiku lililonse thupi limagumula lakale n'kumanga latsopano. Matumba anakuchotsani aja amatulutsa mahomoni, timadzi timene timaletsa ogumulawo kupyola muyeso. Atachoka, kugumula kunapambana kumanga. Zimachitikira amayi okalamba akasiya kusamba, inu zinangokufikani msanga."

Ndinalira kuposa tsiku limene ndinamva za Esitere. Zaka zonsezo ndinkafunafuna tchimo limene kunalibe.

Mankhwala ake kunalibe m'nkhondomo, ndipo a Amina sanandinamize. Ankandisinjira usipa ndi minga yomwe n'kuthira m'phala, ankaphika chigwada, ankandikokera padzuwa m'mawa uliwonse. Nyonga itagwirana, anandiimika ndi ndodo ziwiri.

"Fupa likamasenza thupi limalimba," ankatero. "Mukagona, likutherani."

Ndinkawanyoza ndi ululu, iwo osandisiya. Tinayamba ndi mapazi atatu, kenako mpaka pa mtengo wa mango, ndipo pa Pasaka wachiwiri ndinalowa m'tchalitchi ndi miyendo yanga.

Mtendere utabwera, a Yohane anatumiza uthenga wofunsa ngati maukonde awo alipo. Za ine sanafunse. Sindikunamizeni kuti mtima unapola. Esitere ndimamutchula m'pemphero, koma masiku ena dzina lake ndimalidumpha. Msana wanga ndi wopindikabe, ndipo ndimatsimphina.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene sanandibwezere ondisiya aja, koma ananditumizira mlendo wodziwa choonadi. Amayi anzanga, mukasiya kusamba msanga, mukayamba kufupika kapena kuthyoka popanda chifukwa, pitani kuchipatala, musalole wina akutcheni wotembereredwa. Ndipo inu amene mwagonekedwa pamphasa n'kuiwalidwa, musaleke kuitana. Wokudzutsani akhoza kukhala munthu amene lero simukumudziwa n'komwe. Ameni.