America Yonse Sinamire

Pa siteji ya basi ku Edmonton, kumaiko a azungu, Mayi Nyirongo, namwino wa ku Chipata, anatsitsa foni n'kupumira m'mwamba. Bambo wina wa ku Malawi, amene anawamva akuyankhula Chinyanja, anasendera pafupi.

"Pepani mayi, kwagwanji?"

"Ndi mwana wanga, bambo. Ali ku America. Chichokereni pa shifiti, TV ikungoonetsa namondwe, madenga akuuluka, iye foni osayankha."

"Mwamupeza?"

"Ndamupeza. Anali kometetsa. Akuti kwawoko dzuwa likuswa mtengo, namondweyo ali kutali ngati kuchoka kuno kukafika ku Spain."

"Atolankhani akumeneko ndi choncho. Amasaka pamene madzi alekeza m'chiuno, n'kuimapo ndi maikolofoni, ife kuno n'kumati dziko lonse lamira."

Mayi Nyirongo anaseka, mtima utakhala m'malo.

"Koma mnyamata wowulutsa nkhaniyo ndinamumvera chisoni. Mphepo ikumukankha, iye akukuwa kuti munthu asayerekeze kutuluka panja."

"Mwiniwake ali panja."

"Eetu. Ndipo naye ali ndi amayi ake kwinakwake, akuonera."

Bamboyo anapukusa mutu.

"Amenewo ndiye sanapumebe."