Namzeze wa a Trifon Afuna Mphete

A Trifon, msodzi wa ku Shabla, anamva akazi awo akunong'onezana ndi mwana wawo Desislava za ulendo wa ku Germany, mtima n'kuwachita myuu. Mwana mmodzi yekhayo apite kunja? Anaona kuti mankhwala ake ndi ukwati basi, ndiye kutangocha analawirira ku mabango a kunyanja, kumene Lyuben, chibwenzi cha mtsikanayo, amatchera maukonde mbalame zobwerera kuchokera ku Africa n'kumaziveka timphete ta manambala kumiyendo.

Koma bambo wa mtsikana kukapempha yekha ukwati, manyazi ake! Mkuluyo analumbira kuti dzina la mwana wake salitchula, angozungulira. Tsoka lake Lyuben ndi uja amamva mawu monga atulukira pakamwa, osawonjezera, osachotsera.

"Lyuben, kwathu kuja kuli namzeze wina," anayamba a Trifon, maso ali kunyanja. "Wakula bwino. Sungamuveke mphete?"

"Ndi wapachisa kapena wodutsa?" anafunsa Lyuben, akuwonjola kambalame mu ukonde.

"Wapachisa. Ndamulera ndekha m'nyumba."

"M'nyumba? Mumupha, a Trifon."

"Afe ndani? Ali gwa, chitumbuwa cha banitsa amadya kuposa ine."

Apa Lyuben anaimitsa ntchito n'kuyamba kuphunzitsa munthu wa imvi kuti namzeze amadya ntchentche ndi udzudzu basi, zaufa zimamutupitsa mimba. A Trifon anayesa njira ina, n'kunena kuti namzezeyo wayamba zofuna kuuluka, ati ku Germany.

"Ndi nyengo yake. Onse akupita kumpoto, taonani adokowe awo." Analoza kumwamba ndi chibwano.

"Ine sindikufuna apite."

"Ndiye mphete ikuthandizani chiyani? Imangotiuza komwe wakafera."

A Trifon anadzilemba mtanda pachifuwa. Anafunsa kuti nanga atamubweretsa namzezeyo, iye angamutani.

"Monga onse. Khosi pakati pa zala, kumuuzira pamimba kuona ngati ali ndi mafuta, kenako chamutu m'kachitini pa sikelo."

"Ukatero?"

"Kumusiya azipita."

"Kumusiya?"

"Ndimusunge wa chiyani? Ena akudikira m'maukonde umu."

Abale, munthu amapirira, koma apa ndiye zinakwana. A Trifon anavula chipewa, n'kuchimenyetsa pa matope, lumbiro lonse n'kuiwalika.

"Desislava, iwe chitsiru! Ndikunena mwana wanga Desislava! Umukwatira kapena ukungomutayitsa nthawi?"

Lyuben anatsegula dzanja, kambalame kaja n'kuthawa kasanavale ndi mphete yomwe. Makutu ake anafiira psuu. Anati iye wakhala akufuna kuyambira kalekale, koma Desi anamuuza kuti bambo ake sangalole zivute zitani, ndipo popanda mawu awo mtsikanayo sachita kanthu.

Mkuluyo anamva kukoma mpaka m'mafupa. Kani mwanayo amawaopa chonchi? Anatola chipewa, n'kuchikung'untha, n'kutulutsa m'thumba kabotolo ka kachasu wa rakiya kamene anabwera nako podzilimbitsa mtima.

"Ndalola."

"Simudzabweza mawu?"

"Ine Trifon? Ndalumbira pa Nikola Woyera, mwini nyanja iyi. Ukwati ukhale Pasaka akangotha."

Anamwa, n'kupatsira mkamwini. Lyuben anamwa, n'kutsokomola, n'kuwapsompsona dzanja monga mwa mwambo. Ndipo a Trifon, poti zinthu zayenda, anafuna kumva ndi makutu awo kuti nkhani ya ku Germany ija yafera pomwepo.

"Ndiye ntchito yake yakunja ija aiiwale, eti?"

"Ntchito ya ndani? Desi alibe ntchito kunja."

"Nanga Germany amanong'onezana ndi mayi ake?"

"Ntchitoyo ndi yanga, tate. Andiitana kukaveka mbalame mphete ku chilumba cha kumeneko." Lyuben anawabwezera kabotolo, akumwetulira ndi mtima woyera. "Desi anakanitsitsa kunditsatira. Anati popanda ukwati atsala nanu mpaka kalekale. Mukanapanda kubwera inu, bwenzi ndikupita ndekha."