Nambala ya a Zipi

Mzere wa ku ofesi ya mafoni sunali kuyenda. Mayi wina, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi, anangoona bambo amene anali patsogolo pake atacheuka.

"Simu yatayika, mayi?"

"Ayi bambo. Ndabwera kudzaombola nambala ya malemu isanagulitsidwe kwa wina."

"Pepani. Anali m'bale wanu?"

"Anali a Zipi, a pagulu lathu la matelala la pafoni. Nkhope yawo sindinaionepo. Pachithunzi anaikapo makina osokera."

"Ndiye mukuvutikira munthu wosamudziwa?"

"Wosamudziwa? Anandiphunzitsa kudula kolala ndi iwowo. Ndikatumiza diresi yokhota ankati, 'Mwana wanga, wasokera munthu kapena thumba la makala?'"

"Koma ndiye pakamwa! Nanga nambalayo mutani nayo? Malemu saimba foni."

"Pagulu pathu womwalira sitimuchotsa. Ukasoka chokongola umayamba watchula dzina lake, kuti aone. Ndiye nambala ya a Batani, amene anatsogola, inagwera mnyamata wamalonda. Tinangodzuka m'mawa malemu akutsatsa nsapato pagulu, ati zafika zatsopano. Azimayi analira maliro kachiwiri. Za a Zipi sizitero, ine ndilipo."

"Eee! Nanga akakukanizani apa?"

"Akane aone. Mwana wa malemu wavomera, ndipo makasitomala ndawauza kuti lero makina salira. Ndichoka pano nambala ili m'manja."

Bamboyo anayang'ana foni yake, kenako anapatuka pamzere.

"Dutsani, mayi. Yangayi ndi ya amoyo, idikira."