Mawu Oyamba Anali Akuti "Poti"

Moni nonse amene mumawerenga tsamba lino. Ndine mlembi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Dedza, ndipo umboni wanga ndi wa amuna anga, bambo a Tadala, amene sitiroko inawalanda mawu.

Asanadwale ankaphunzitsa makompyuta pasukulu pomwepa. Anali munthu wolongolola, moti ndinkawauza kuti pakamwa pawo sipadziwa Sabata. Atatuluka m'chipatala, mwendo unayamba kubwerera, dzanja lamanzere linkagwira, koma mawu ayi. Ndinkalakalaka atangondiitana kamodzi kuti "Nabanda," monga ankachitira akamalowa pakhomo. Ku Misa ndinkapempha chimodzi chokhacho, ndipo masiku ena ndinkapempha mokwiya.

Matendawa anawapeza ali pakati pa ntchito. Sukulu inali italandira makompyuta ochepa, koma bandulo ya intaneti inkatha msanga. Iwo anakonza kompyuta imodzi kuti ikhale seva ya pulokisi. Ankati ili ngati mlonda wa pageti: makompyuta ena onse azidutsira pomwepo popita pa intaneti, iyo n'kumasunga masamba otsegulidwa kale ndi kutseka osayenera ana. Chinatsala n'kuuza kompyuta iliyonse kumene mlondayo ali. Atadwala, chipinda cha makompyutacho chinangotsekedwa.

Adokotala anandilangiza kuti ndiziwatengera kumalo amene anazolowera. Loweruka lina masana, kuli chifunga ndi kuzizira kwathu kuja, ndinapempha makiyi kwa ahedi, ndinawaveka amuna anga jekete n'kuwakhazika m'chipindamo. Anangoyang'ana mawaya awo aja ali fumbi lokhalokha. Zinandipweteka kwambiri. Ndinati bola ndiyese ndekha, poti ndinkawaonerera akugwira ntchitoyi.

Ndinayatsa seva, ndinayatsanso kompyuta ina, ndinatsegula pulogalamu yolowera pa intaneti n'kupeza polemba za pulokisi. Adiresi ya seva ndinaikopera pa seva pomwepo. M'kabokosi kakang'ono kapambali munali kale nambala, ndinaisiya. Tsamba linakana kutseguka. Ndinayesa kompyuta yachiwiri, chimodzimodzi. Ndinafufuta, ndinalembanso, mpaka ndinagwetsa nkhope patebulo n'kunena mumtima kuti, Ambuye, ngakhale ichi chokha mukundimana?

Kumbuyo kwanga ndinamva mawu okhakhala.

"Poti."

Ndinatembenuka. Ndinaganiza kuti ayamba chiganizo, kuti mwina anena chimene chakhala mumtima mwawo miyezi yonseyi. Ndinagwada pafupi nawo.

"Poti chiyani, bambo? Nenani, ndikumva."

Anandiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira ana a Fomu 1. Anakweza dzanja lamanzere n'kuloza kabokosi kaja.

"Poti," anabwereza.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti nambala ya m'kabokosiko amaitcha poti, khomo limene seva imamvetserapo. Imene ndinaisiya ija sinali yake. Ndinawasendezera kiyibodi, iwo analemba manambala anayi ndi chala chimodzi, tsamba n'kutseguka. Ndinaseka ndikulira. Miyezi yonse ndikupempha dzina langa, munthu n'kudzayamba ndi kundikonza zolakwa.

Tsiku limenelo tinamaliza makompyuta onse, ine ndikulemba adiresi, iwo nambala. Lolemba ana analowa m'chipindamo koyamba.

Sindikunamizani kuti achira. Mawu akubwera amodziamodzi, ndipo ena akabwera amathawanso. Amatha kunena "madzi," "Tadala," ndi "ayi," amene amamukonda kwambiri. "Nabanda" sanafikebe. Pena ndimawaona akulimbana nalo, milomo ikuyamba bwino kenaka n'kuima, ndipo ndimapita kukhitchini kuti asandione nkhope.

Komabe ndikuthokoza Mulungu, chifukwa ndinkaopa kuti munthu ndinakwatiwa naye uja anapita, koma anandionetsa kuti alipo, ndi ukali wake womwe. Inu amene mukusamalira wodwala ndipo mwatopa, musaleke kupemphera, musalekenso kumutengera kumene mtima wake unali. Ine Loweruka lililonse ndimawatengerabe kuchipinda kuja, ndipo ndikamawaveka jekete ndimatchera khutu.