Tenti ya Maliro Imene Inanunkha Kapenta

Abusa athu, amayi busa, akulu anzanga a mpingo, madikoni, amayi a chigwirizano, ndi inu achinyamata a kwaya amene mwakhala kumbuyo uko, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Kwa alendo, ine ndine Sakala wa ku Nangongwe, ndipo ndikufuna kuchitira umboni.

Koma choyamba ndiloleni ndiwongole nkhani, chifukwa ulendo wanga wa ku nyanja wayenda m'tauni muno kuposa mmene ndinayendera ine mwini wake. Masabata apitawo ena ankati ndinapita kwa sing'anga. Tsopano popeza mphepo yatembenuka, omwewo akuti ndinapita kukasala kudya ndipo ndinaona mngelo atayima pamadzi. Zonsezo ndi zabodza. Sing'anga sindinamuone, mngelo sindinamuone, ndipo kudya sindinasale. Ndinadya nsomba yowotcha mpaka kunyambita zala. Chinanso, tenti ija si ya mpingo. Ndinagula ndekha, ndipo ndimaibwereketsa pa maliro a m'chigawo chathu mwa kufuna kwanga. Ife amene tinapita ku sekondale masiku aja tinaphunzitsidwa kuti nkhani imayambira pa chiyambi. Choncho khalani phee, mumve kwa mwini wake.

Ambiri mukudziwa kuti ndimayang'anira mayendedwe a mathiraki pa kampani ina yonyamula feteleza ndi mbewu. Mvula ikayandikira, ife sitidziwa Loweruka, sitidziwa Lamulungu. Sabata ija, Lachisanu madzulo, thiraki ina inafera pa Shimabala itadzaza feteleza. Loweruka ina inapsa mabuleki ku mapiri a pa msewu wa ku Chirundu, dalaivala akulira pa foni ngati mwana. Dalaivala wina anapita ku ukwati ku Lusaka, makiyi ali m'thumba. Alimi akuimba foni, makanika akuimba foni, abwana akuimba foni. Ndipo abwana anga, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga Dalitso, anandiyimika pamaso pa madalaivala n'kunena kuti, "Mudala, ngati mwakalamba kambani chabe, tifakepo wina."

Abale, ndinameza. Mkulu wa mpingo sabwezera pagulu. Ndinameza, koma chimene wameza sichichoka, chimakhala m'chifuwa.

Lamulungu lija mpando wanga kutsogolo kuno unali wopanda munthu. Munaona. Nditafika kunyumba madzulo, nyumba inali zii, pakuti amake Dalitso anali ku Petauke kumene mwana wathu wamkazi anali atangobereka kumene. Ndinathira tiyi. Ndinathimitsa foni, koma m'makutu inkalirabe. Ndinagwada kuti ndipemphere. Ndinati "Atate," ndipo chimene chinatsatira m'mutu mwanga chinali mabuleki, matayala ndi feteleza. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ine Sakala, amene ndatsogolera mapemphero m'nyumba muno kuyambira denga lisanakhomedwe, pemphero linandithawa. Mukundimva, abale? Pemphero linandithawa.

Lolemba linali tsiku langa lopuma. Ndinadzuka mutu ukugunda, ndipo ndinangomva mumtima kuti ndichoke. Ndinalibe pulani. Ndinaganiza zokakhala pang'ono m'mbali mwa mtsinje, pafupi ndi mlatho. Ndinakweza m'kagalimoto kanga matiresi, mbaula, malasha, ketulo ndi buledi. Ndiye ndinati, dzuwa la mwezi uno silisewera, ndifunika mthunzi. Ndinatulutsa tenti yanga yobiriwira ija, ya chigamba chofiira pakona.

Mayi wina woyandikana nafe, sinditchula dzina chifukwa ali muno ndipo tinakhululukirana, anali akusesa pabwalo. Anasiya tsache.

"Ba Elda, maliro ni ya ndani?"

"Kulibe maliro, mayi."

"Manje tenti muipeleka kuti?"

"Kumene ndikupita."

Ndinayankha choncho osati mwa chipongwe, koma chifukwa inenso sindinkadziwa. Amene anayenera kudziwa kuti ndachoka, amake Dalitso ndi abwana anga, ndinawatumizira uthenga. Kenaka foni ndinaitsekera m'kabokosi ka m'galimoto.

Nditafika pa mlatho, phazi langa linakana kuponda buleki. Ndinawoloka. Pa mphambano ndinakhotera msewu wa ku Chirundu. Ndinadutsa mapiri aja, pamalo pomwe thiraki yathu inapsera mabuleki, osayang'anako n'komwe. Ndinakhoteranso njira ya ku Siavonga, ndipo dzuwa litapendeka ndinaona madzi a Kariba atatambalala kutsogolo kwanga mpaka kumene maso athera.

Ndinapempha malo kwa bambo wina wosamalira gombe pafupi ndi pamene asodzi amakocheza. Anandiloza pansi pa mtengo, nandichenjeza kuti ndisayandikire madzi chifukwa cha ng'ona. Ndinamanga tenti, mbali ina ku mtengo, mbali ina ku galimoto. Ndinavula nsapato. Ndinakhala pansi. Panalibe wondiitana. Panalibe wofuna thiraki. Madzi okha ankabwera n'kubwerera, kubwera n'kubwerera, osafulumira, osaopa bwana aliyense. Ndinagona pa matiresi kuti ndiwongole msana, ndipo tulo timene ndinagona pamenepo sindinatigonepo chiyambire ntchito imeneyi.

Pamene ndinatsegula maso, mdima unali ukuyamba, ndipo nyali za maboti a kapenta zinali zitayaka pamadzi ngati tauni ina. Ndinagwada pamchenga. Ndinati "Atate," ndipo mawu anabwera okha, ngati mpopi umene unauma ukayambanso kutulutsa madzi. Ndinalira, abale. Sindichita manyazi kunena. Ndinakumbukira kuti ngakhale Ambuye wathu ankasiya khamu la anthu n'kupita kwa yekha, nthawi zina m'mbali mwa nyanja. Kodi amene ankamuona akupita ankati wapita kwa sing'anga? Aleluya! Nditatha kupemphera ndinamwa tiyi, n'kugonanso.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ofalitsa nkhani sanafike.

M'mawa maboti anakocheza, ndipo amayi ogula kapenta anamuyanika pa mathandala a ukonde. Kapenta ameneyu, kwa inu amene mumangomuona m'mbale, akanyowa ndi mvula asanaume amawola, ndipo ntchito yonse yapita. Ndili kumwa tiyi, ndinaona mtambo wakuda ukuchokera tsidya la nyanja. Mphepo inayamba. Amayi aja anathamanga uku ndi uku ndi timapepala ta pulasitiki tong'ambika, mphepo ikuwalanda m'manja. Mmodzi anagwira m'mutu n'kuyamba kulira.

Sindinafunse munthu. Ndinamasula zingwe, ndinakoka tenti yanga mpaka pa mathandala, n'kufuula kuti, "Bweretsani kuno!" Anasonkhanitsa kapenta yense pamodzi, tinamufunditsa, ndipo aliyense anagwira kona yake. Mvula inagwa ya mkokomo. Matiresi anga ananyowa, malasha ananyowa, ine ndinanyowa mpaka m'kati, koma kona yanga, ya chigamba chofiira ija, sindinaitaye.

Mayi amene anagwira pafupi nane, wamtali, wa mawu aakulu, anzake ankamutcha Bina Mutinta, ndiko kuti amake Mutinta m'Chitonga. Anayang'ana tenti, anayang'ana ine, n'kuyamba kuseka mvula ili kumukwapula.

"Ba mudala, iyi si tenti ya maliro iyi? Mwachoka nayo kuti?"

"Ku Kafue."

"Ku Kafue kuli ba malume banga, benze ba njanji. Manje ndani wafa?"

"Palibe, mayi. Ndabwera kuti ndisafe ine."

Mvula itakata, anandiwotchera nsomba, tinapemphera pamodzi, ndipo ndinapinda tenti yanga yonyowa n'kubwerera. Lachitatu ndinali pa ntchito, mutu wopepuka. Abwana anga ndinawauza mwaulemu, tili awiri, kuti dzina langa ndi Sakala, ndipo kuyambira tsiku limenelo amanditchula choncho.

Koma pamene ine ndinkachira, kuno dzina langa linkadwala. Inu mukudziwa mwambo wathu wa m'makomboni: tenti yobiriwira situluka m'nyumba popanda maliro. Ukaiona pa galimoto, umafunsa kuti ndani watisiya. Ndiye anthu anati, Sakala watulutsa tenti popanda womwalira, wapita nayo yekha ku madzi, foni yothima. Wapita kukaitana imfa kuti ntchito yake ilimbe. Ndinamva, ndinaseka. Koma pasanapite nthawi Bambo Hamoonga, amene anapuma ntchito ya njanji, anatisiya. Munthu amene tonse tinkadziwa kuti wadwala nthawi yaitali, amene ine ndemwe ndinkamunyamula pa galimoto kupita naye ku chipatala! Pamenepo nkhani inapsa. Tenti yatsogola, maliro atsatira.

Akulu anandiitana. Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera pano. Dikoni Mwale, ndikukuonani mwaweramitsa mutu, musadandaule, ndinu m'bale wanga, anandifunsa kuti, "Ba Sakala, munthu ali na nyumba, ali na bedi, ayende kukagona pansi yeka ku nyanja? Kufuna chani?"

Ndinati, "Kupumula."

Anaseka onse. Wina anati, "Ivo ni va bazungu."

Anandipempha kuti ndiyambe ndachoka pa mpando wa akulu mpaka nkhani itafufuzidwa. Abusa sanandiweruze, ndiyenera kunena zoona, koma analibe umboni wondiyimira nawo. Amake Dalitso anaimba foni kuchokera ku Petauke akulira, chifukwa nkhani inali itafika kale kumeneko. Amayi amene ndinkawapatsa moni pamsika ankakokera ana awo kumbuyo. Dzina limene ndalisunga moyo wanga wonse, dzina limene adzukulu anga adzalitenga, linasanduka dzina la mfiti.

Ena anandilangiza kuti tenti ndiitenthe, ndipepese, nkhani ithe. Ndinakana. Munthu sapepesa chimene sanachite.

Choncho tsiku lachiwiri la maliro, nditaona kuti abambo akukhala padzuwa, ndinanyamula tenti yanga monga ndimachitira nthawi zonse n'kupita nayo kwa a Hamoonga. Anyamata a kwaya anabwera kudzathandiza, chifukwa cha ulemu. Atangoitambasula, fungo linatuluka. Paja ndinaipinda yonyowa. Mmodzi analumpha n'kufuula kuti, "Fungo ya mankhwala!" Wina anayamba kudzudzula ziwanda. Onse anabwerera m'mbuyo.

Ndinaimanga ndekha. Ndinatenga mpando, ndinakhala pakati pake, nditavala jekete ndi tayi. Abambo onse anapanikizana pansi pa kamtengo ka mango, dzuwa likuwaotcha, akundiyang'ana m'mbali. Mumtima ndinati, Ambuye, Inu munali nane pa gombe paja. Mboni ina ndilibe.

Masana minibasi inafika ndi achibale a malemu ochokera kutali. Amayi anatsika akulira n'kulowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatuluka kudzapereka moni kwa abambo. Wotsogola, mayi wamtali, anayima pakati pa bwalo. Ananunkhiza. Anayang'ana kona ya tenti.

"Iyi tenti niiziba!"

Anandiyang'ana. Anawomba m'manja n'kugwada pomwepo pafumbi.

"Ba mudala ba ku nyanja! Kanshi ba malume banga munali kubaziba?"

Anali Bina Mutinta. Amalume ake a njanji aja anali Bambo Hamoonga.

Mayiyo ndi amene anatembenukira ku mtengo wa mango n'kufunsa chifukwa chimene abambo akupsera padzuwa mthunzi ulipo. Wina anamunong'oneza. Mayi uja anaimirira, ndipo ndi mawu ake aakulu aja anafotokoza za mtambo, za mvula, za kapenta, ndi za mdala amene anagwira kona mpaka mapeto.

Dikoni Mwale anafunsa kuti, "Manje usiku benze kuchita chani ku madzi?"

"Kugona! Benze kuliza mkonono, ise tinaganiza ni mvuu yabwela kumtunda!"

Anthu anaseka pa maliro mpaka kugwira pakamwa. Koma mayi uja anali asanathe. Anatuma anzake kuti atsitse thumba m'minibasi, analimasula pamaso pa onse.

"Uyu kapenta tabwelesa wa ndiyo pa maliro, ni wamene uja anapulumukila pansi pa iyi tenti. Nunshani thumba, mununshe na tenti, muniuze ngati ni mankhwala."

Abusa ndi amene anayamba. Ananyamula mpando wawo, anadutsa bwalo lonse anthu akuona, anadzakhala pambali panga n'kundigwira dzanja. Kenaka Dikoni Mwale. Kenaka kumwamba kunagunda, mvula inayamba, ndipo onse amene ankaopa tenti yanga anathamangiramo, mpaka mnyamata wodzudzula ziwanda uja anandiponda phazi. Madzulo ake tonse tinadya nshima ndi kapenta yemwe uja pansi pa tenti yomwe ija, ndipo sindinaone ndi mmodzi yemwe akukana ndiwo.

Ndiye ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera tulo, anandibwezera pemphero, ndipo anandibwezera dzina langa popanda ine kukweza mawu. Ndinapita ku nyanja ndekha, ndinalibe mboni, koma Iye anali atakonza kale mboni, ndi thumba lake lomwe. Zikomo Abusa chifukwa cha mpando uja munanyamula. Zikomo amake Dalitso, amene simunandikayikire.

Tsopano imirirani nonse, abale, mukondwere nane. Inu a kwaya, yambitsani nyimbo, ndipo iwe mwana wanga amene unandiponda phazi, ng'oma ikhale yako. Imbani mokweza, amve ndi a pamsika omwe. Amen!