Chithunzi cha aNambewe pakhoma la chipatala

Malemu mayi Zelifa Kamwendo, aNambewe, anabadwa pa 9 Ogasiti 1967 m'mudzi muno mwa Katsumwa, mfumu yaikulu Kabudula. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekezera Sitandade 7 pamene mayi awo anayamba kudwala miyendo. Analowa kalasi nabatizidwa mumpingo wa CCAP mu 1984.

Mu 1988 anakwatiwa ndi bambo Rabson Kamwendo a ku Nambuma, amene anadzamanga kuno. Ankalima chimanga, mtedza ndi fodya wa bale. Mu 1999 mpingo unawasankha kukhala mlangizi. Amayi ambiri mwakhala panomu munadutsa m'manja mwawo, ndipo mukudziwa kuti mtsikana akakhala tang'a pagulu, aNambewe sankakalipa. Ankangomponyera chitenje pamiyendo n'kupitiriza nkhani.

Pa 3 Epulo 2018 chigafa cha fodya chinagwira moto masanasana, mdzukulu wawo Mwayi ali m'tulo m'katimo. Analowa, namutulutsa osapsa ndi chala chomwe. Iwo denga linawagwera, napsa chifuwa, khosi ndi mkono wamanja. A chipatala cha Kabudula anawathandiza msanga n'kuwatumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, komwe anagona miyezi itatu.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi pulojekiti. Yunivesite ina ya m'dziko muno inagwirizana ndi inzake ya kunja kuti aziphunzitsa achinyamata kufufuza za anthu ovulala. Ophunzirawo ankabwera ndi aphunzitsi awo, onse aulemu ndithu, kudzawavula mayi ndi kuwajambula. Ankati zithunzizo n'zoonera mmene bala likupolera, ndipo madokotala a kunja akadzabwera adzawachita opaleshoni, poti khungu linali litamata mkono kunthiti. Mayi anavomera, ati dokotala sabisidwa thupi. Atatuluka m'chipatala, galimoto yoyera inkawatsata mpaka pakhomo. Ophunzira ankangosinthana: uyu wapita kunja kukatenga digiri, kwabwera wina ndi kamera yatsopano. Mkono unali pomwepo. Mu 2021 tinamva kuti pulojekiti yatha, ndipo akuti yayenda bwino kwambiri.

Chaka chomwecho mkamwini wawo, bambo Goliati, anapita ndi mwana kusikelo pachipatala china chaching'ono. Pakhoma panali patamatidwa chipepala chachikulu chochenjeza za ngozi za moto, mayina a mayunivesite awiri aja ali pansi pake. Pakati panali apongozi awo, opanda ngakhale kansalu kuyambira pamchombo kupita kumtunda. M'maso anawaphimba ndi kamzere kakuda, ngati kuti munthu amadziwika ndi maso okha. Mphini zam'masaya zinali poyera. Bambo Goliati, munthu amene chilowereni m'banja lino sanadyepo mbale imodzi ndi apongozi ake, amene amapatukira kutchire akawaona panjira, anabwerera mwana asanakwere sikelo. Nkhani inafika kunyumba ndi amayi amene anali nawo pamzere.

Mwana wa malemu, Chancy, amene panthawiyo ankaphunzira pakoleji ina ya zaumoyo, anapita ku ofesi ya pulojekiti kukapempha kuti chithunzicho achichotse. Anamuuza kuti akuluakulu ake anabwerera kwawo, chithunzicho chinaonetsedwa kale m'misonkhano ya kunja, ndipo sichingabwezedwe. Anamuuzanso kuti azinyadira, mayi ake athandiza sayansi, namupatsa chakumwa ndi bisiketi. Posakhalitsa chithunzi chomwecho chinawala pakhoma la kalasi yake, anzake akulemba manotsi. Anatuluka, ndipo sanabwererenso.

Mayi anatula pansi ulangizi. Ankati sangalangize mwana wa mwini za kudzisunga pamene dziko lonse lawaona. Lachinayi, anzawo a Chigwirizano akamadutsa ndi mabulauzi oyera, iwo ankalowa m'nyumba.

Mu Juni 2023 pachipsera cha pachifuwa panatuluka bala losapola. Bambo Rabson anawanyengerera, abusa anabwera, ana analira, koma zakuchipatala anakanitsitsa. Yankho lawo linali limodzi: "Kumeneko akandivulanso." Atavomera mu Januwale 2024, madokotala anapeza kuti ndi khansa, ndipo yafalikira kale. Anati akadabwera msanga akadaichotsa. Anamwalira kunyumba kwawo pa 21 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 56.

Malemu asiya amuna awo bambo Rabson, ana anayi: Tawonga, Judith, Chancy ndi Jonathan, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi alongo awo awiri.

Ife a banja tikuthokoza mayi Edina, amene ankatsuka balalo m'mawa uliwonse osakwinya mphuno. Tikuthokoza anamwino a Beatrice, amene ankayamba awafunda chitenje asanawayeze. Tikuthokoza bambo Goliati, amene ankatema nkhuni n'kuzisiya pakhomo la apongozi awo, ngakhale awiriwo sanayang'anizanenso. Abusa, amayi a Chigwirizano, adzukulu kumanda, mafumu ndi nonse mwabwera, Mulungu akubwezereni. A kuyunivesite atumiza nkhata ya maluwa ndi uthenga woti mayi anali mzati wa kafukufuku wawo. Nkhatayo ili kuseri kwa nkhokwe. Amene anabwera nayo asaiiwale pobwerera.

Posachedwa titsegula bokosi kuti tione nkhope. Amayi anzawo awaveka monga anapemphera okha: bulauzi yamanja aatali, mabatani mpaka pakhosi. Aliyense amene ali ndi foni aiike m'thumba, kaya ndi mbale, kaya ndi mlendo wolemekezeka. Mayi athu anaonedwa mokwanira.

ANambewe, gonani mumtendere. Uko mukupita kulibe wokuvulani.